Zovala zikavuta intavyu ya sukulu ya udokotala itayandikira

Thalauza lomwe ndinavala pa intavyu yanga yofunsira malo kusukulu ya udokotala linali ndi chipsera cha simbi pantchafu ya kumanja. Ndinaliwotcha ndekha m'mawa wa tsiku lomwelo, kutatsala maola awiri kuti ndikaonekere. Ndinali nditagona kunyumba ya alendo pafupi ndi sukuluyo, simbi ndinachita kubwereka, ndipo sindinayang'ane kuti amene anasitira komaliza anasiya moto wake pati. Nditangoikhazika pansalu ndinamva kafungo ngati ka pulasitiki wopsa. Poinyamula, chithunzi cha simbi chinali chitatsala pathalauzapo, chonyezimira, mpaka timabowo totulukira nthunzi tikuoneka bwinobwino. Thalauza lina ndinalibe.

Ndinalowa nalo choncho. Nthawi yonse yomwe ankandifunsa mafunso, dzanja langa lamanja linali pantchafu, kubisa chipseracho. Anandifunsa chomwe ndingachite wodwala atakana chithandizo choti chimupulumutsa, funso lomwe ndinali nditalikonzekera kwa masabata angapo, koma ndinayankha mwachidule ndi mosokonekera chifukwa mtima wonse unali pathalauza. Pa anthu atatu omwe anakhala kutsogolo kwanga, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuona akuyang'ana mwendo wanga. Pakati pathu panali tebulo. Malo ndinawapeza, koma mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbukira yankho lija, chifukwa ndikudziwa kuti ndinali nalo lina labwino kuposa lomwe linatuluka.

Kuyambira nthawi imeneyo ndathandizapo mlongo wanga ndi achinyamata ena angapo kukonzekera tsiku ngati limeneli, ndipo onse ndimawauza chimodzimodzi. Ofunsa sakusankhani chifukwa cha suti. Vuto la chovala limapweteka chifukwa limakuberani maganizo pa ola lomwe mukuwafunitsitsa. Choncho ntchito yonse yomwe ndifotokoze pano ndi yoti pofika tsikulo chovala chanu chisakukumbutseni kuti mwachivala.

Yambani mwawerenganso kalata yokuitanani. Sukulu zina zimanena mmene mudzavalire, ndipo zikanena, tsatirani zomwezo. Onaninso mtundu wa intavyu. Kwina mumakhala pampando umodzi pamaso pa gulu la ofunsa mpaka kumaliza. Kwina amagwiritsa ntchito njira yotchedwa Multiple Mini Interview, kapena MMI, yomwe inayambira ku yunivesite ya McMaster ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo yafalikira kusukulu zambiri za udokotala. Pa MMI mumazungulira zipinda zingapo, chilichonse ndi funso lake, mphindi pafupifupi 8 kapena 10, belu likalira mukuimirira kupita kwina. Chipinda china mumapezamo munthu wochita sewero ngati wodwala kapena wachibale wokwiya, ndipo mungafunike kuwerama kapena kukhala naye pafupi. Sukulu zambiri zimakuyendetsaninso kukuonetsani malo. Ndiye kuti chovala chomwe chimaoneka bwino mutaima chilili pagalasi sichinayesedwe kanthu. Chiyenera kupirira kukhala, kuimirira, kuyenda ndi kukwera masitepe kambirimbiri.

Valani zonse kutatsala masabata awiri

Pa malangizo onse, ili ndi lomwe limapulumutsa anthu ambiri, koma ndi lomwenso ambiri amalinyalanyaza. Kutatsala masabata awiri, valani chilichonse chomwe mudzavale tsikulo, kuyambira zam'kati, masokosi, lamba, nsapato mpaka jekete, ndipo mukhale nazo ola lathunthu kapena awiri. Musangoyesa n'kuvula. Khalani pampando wolimba wopanda zotsamira mikono. Tolani cholembera pansi. Tambasulani dzanja ngati mukupereka moni. Kwerani masitepe. Pemphani wina akujambuleni kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo, panja poyera, chifukwa galasi la kuchipinda limabisa zambiri. Ngati n'kotheka, muyeserere kuyankha mafunso mutavala zomwezo.

M'kati mwa ola limenelo mavuto amadziulula okha. Kolala yomwe inkaoneka yokwana imayamba kukanyanga pakhosi. Ngati chala chimodzi kapena ziwiri sizikulowa pakati pa kolala ndi khosi mutamanga batani lapamwamba, shatiyo yachepa. Bulauzi imayasama pakati pa mabatani a pachifuwa mukakhala pansi. Siketi yomwe imafika m'maondo mutaima imakwera mukakhala, n'kupezeka kuti mukungoikokera pansi mphindi iliyonse. Thalauza limakwera mpaka khungu la mwendo kuonekera pamwamba pa sokosi. Shati yoyera imaonetsa zam'kati mukaima padzuwa. Apa chothandiza si vesiti kapena kamisolo yoyera mbee, koma ya mtundu woyandikana ndi khungu lanu, chifukwa yoyera ndi yomwe imaonekera kwambiri. Chilichonse chomwe dzanja lanu lapitako kawiri kukakonza, chilembeni. Pa tsiku la intavyu, mantha atabwera, dzanjalo lidzapitako kakhumi.

Mukatero pitani kwa telala mutanyamula nsapato zomwe mudzavale, chifukwa utali wa thalauza umayezedwa ndi nsapato zake. Telala angafupikitse miyendo ya thalauza ndi mikono ya jekete, angachepetse m'chiuno, angasunthe batani, angasoke kabatani kobisika pomwe bulauzi ikuyasama. Angakulitsenso m'chiuno pang'ono ngati nsalu inatsalako m'kati mwa msoko wakumbuyo. Tembenuzani thalauzalo muone nokha musanapite. Chomwe chimavuta ndi mapewa a jekete. Kuwakonza n'kupasula jekete yonse, ndipo nthawi zambiri sabwerera bwino. Ngati mukubwereka kapena kugula jekete yomwe wina anavalapo, yang'anani mapewa choyamba: msoko wake uthere pomwe phewa lanu lathera. Mapewa akakwana, zina zonse telala akonza. Akapanda kukwana, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Ndipo muuzeni telalayo tsiku loti mudzatenge kutatsala masiku anayi kapena asanu kuti intavyu ichitike, kuti akachedwa kapena akalakwitsa mukhale ndi mpata wobwereranso.

Kubwereka si chinthu chochititsa manyazi. Jekete yomwe ine ndinavala inali ya amalume, ndipo sinandivute. Kungoti pemphani msanga, funsani ngati akulola kuti telala aikhudze, ndipo fufuzani m'khwapa ndi m'matumba ngati nsalu yam'kati sinang'ambike. Ngati suti palibiretu pomwe mungaipeze, musalowe m'ngongole. Shati kapena bulauzi yoyera bwino, yositidwa, thalauza kapena siketi ya mtundu wodera monga wakuda, wotuwa kapena wabuluu wodera, ndi nsapato zopolisha, zimaoneka zaulemu kuposa suti yaikulu yomwe mukusambiramo. Chomwe sindikulangizani ndi kuvala chovala choyera cha madokotala kapena kukoleka chopimira pakhosi. Mukupita kukapempha kuti akuphunzitseni, simunafike pamenepo.

Suti ikakhala yatsopano pali tinthu tomwe ambiri sadziwa. Kumbuyo kwa jekete, pomwe nsalu inagawikana kumunsi, pamakhala ulusi wosokedwa mopingasa ngati X. Umenewo ndi wongogwira pomwe ili m'sitolo, uduleni. Kansalu ka dzina la kampani komwe amasokerera panja pa mkono wa jekete nakonso n'kochotsa, mosamala ndi kalumo kakang'ono kuti musaboole nsalu. Siketi zina zimakhalanso ndi ulusi womwewo pomwe zinang'ambidwa kumbuyo kuti mwendo uziponyeka. Batani lam'munsi la jekete ya amuna silimangidwa. Shati yatsopano ichapeni kaye, chifukwa mizere ya momwe anaipindira m'paketi sichoka bwino ndi simbi yokha, komanso thonje limafupikako likachapidwa koyamba ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Nsapato zatsopano zisakayambire pa intavyu. Zivaleni m'nyumba ola limodzi tsiku lililonse kwa sabata, ndi masokosi omwewo. Pomwe mwamva kutentha, makamaka kuchidendene ndi pachala chaching'ono, ndi pomwe thuza lidzatuluke, ndiye m'mawa wa tsikulo matanipo pulasitala thuzalo lisanabwere. Ngati kunsi kwake kukuterera, palanipo pang'ono pasimenti yokhakhala. Kwa ovala zazitali chidendene, funso ndi limodzi: mungayende nazo mwachangu mphindi 20 osaganiza za mapazi? Ngati ayi, tengani zafulati. Nsapato zakale zopolisha bwino zilibe vuto lililonse.

Kuchapa ndi kusita

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ine ndinagwera. M'kati mwa chovala mumakhala kansalu ka malangizo, ndipo pamenepo pali chithunzi cha simbi chokhala ndi timadontho. Dontho limodzi likutanthauza moto wochepa, wa madigiri pafupifupi 110. Awiri ndi madigiri pafupifupi 150, atatu ndi pafupifupi 200. Simbi yokhala ndi mtanda pamwamba ikutanthauza kuti osasita. Thonje limapirira moto wambiri, ubweya wa nkhosa umafuna wapakatikati, pomwe poliyesitala ndi nayiloni zimafuna wochepa chifukwa ulusi wake ndi wa pulasitiki ndipo umasungunuka. Masuti ambiri otsika mtengo ndi a poliyesitala kapena osakaniza, ndipo nsalu ikakhala yosakaniza mumatsatira moto wa yomwe sipirira. Thalauza langa lija linali la mtundu umenewu, simbi ili pamadontho atatu.

Simbi yomwe simukuidziwa iyang'aneni kunsi ngati kulibe dzimbiri kapena zopserera, ndipo iyeseni kaye pansalu ina yachabe, kenako m'kati mwa mpendero wa chovalacho pomwe sipaoneka. Thalauza, siketi ndi jekete za mtundu wodera musazikhudzitse simbi mwachindunji. Yalani pamwamba pake kansalu koyera ka thonje konyowa pang'ono, ngakhale mpango wa m'thumba, ndipo muzikhazika simbi n'kunyamula, kukhazika n'kunyamula, osati kukhwekhwereza uku ndi uku. Kukhwekhwereza ndi komwe kumagonetsa ulusi n'kusiya nsalu ikunyezimira, makamaka pamisoko ndi pamatumba. Yambani ndi zofuna moto wochepa, mumalizire shati ya thonje, chifukwa simbi imatentha msanga koma imachedwa kuzizira. Shati isiteni ikadali yonyowa pang'ono: kolala mbali zonse ziwiri, kuchokera kunsonga kulowa m'kati, kenako kumapeto kwa mikono, mikono yeniyeniyo, kumbuyo, n'kumalizira kutsogolo komwe anthu adzaone. Mukamaliza ikolekeni pahang'ala, mumange batani lapamwamba, izizire. Chovala chovalidwa chikadali chotentha chimachita makwinya nthawi yomweyo.

Nanga chikanyezimira kale? Ngati nsalu ndi yaubweya ndipo ulusi wangogona, yalanipo kansalu konyowa, yandikizani simbi kuti nthunzi ilowe, kenako pesani ndi bulashi yofewa. Nthawi zambiri kumachepako. Ngati ndi poliyesitala ndipo pamalopo pauma gwa mukapakhudza, ulusi wasungunuka ndipo palibe chobwezera. N'chifukwa chake kusita konse kuchitike dzulo lake, masana, pomwe mukadali ndi nthawi yopeza china. M'mawa wa intavyu simbi isakhale pa ndondomeko yanu.

Jekete ya suti musaiviike m'madzi, pokhapokha kansalu kaja katanena kuti n'zololedwa. Chizindikiro cha mkombero chikutanthauza kuti ndi ya dry clean, yochapidwa ndi mankhwala apadera kochapitsa zovala, osati ndi madzi kunyumba. M'kati mwa chifuwa cha jekete zambiri muli nsalu ina yomatidwa ndi guluu, ndipo ikanyowa n'kuuma imatha kumatuka n'kusiya timatuza panja tomwe simbi singachotse. Ubweya nawo umafota m'madzi otentha. Ipititseni kochapitsa kutatsala sabata, ndipo potenga muivundukule pomwepo muone mabatani ndi zipi. Ngati ili yoyera kale koma ikungomveka fungo la m'sutikesi, kuiyanika pamthunzi podutsa mphepo tsiku limodzi kapena awiri n'kokwanira. Musaithire perefyumu kuti mubise fungolo. Ziwirizo zikasakanikirana zimaipirapo. Shati zikhale ziwiri, zonse zochapa ndi zosita. Ngati pali chinthu chimodzi choti muwonjezere m'chikwama, n'chimenechi, chifukwa ngozi zambiri zimagwera shati kapena bulauzi.

Ngati intavyu ili kutali, zovala zake zikhale m'chikwama chomwe chili m'manja mwanu, osati chomwe chapita kokwezedwa katundu, kaya ndi m'basi kaya m'ndege. Chikwama chikasochera kapena chikanyowa mudzakhala mulibe pogwira. Musayende ulendowo mutazivala. Jekete ipindeni motere: tembenuzani phewa limodzi kuti nsalu yam'kati ikhale panja, lowetsani phewa linalo m'menemo, kenako pindani pakati kamodzi. Nsapato zikhale m'pepala lapulasitiki pazokha kuti polishi isapake shati. Mukangofika, musanachite china chilichonse, tulutsani zonse muzikoleke. Makwinya ang'onoang'ono amachoka mukakoleka chovalacho m'bafa pomwe mukusamba madzi otentha chitseko chili chotseka, bola chisadontheredwe.

M'chikwama momwemo muikemo kathumba ka izi: singano yomwe mwalowetseratu ulusi wakuda ndi ina ya ulusi woyera, mabatani awiri, mapini otsekeka anayi kapena asanu a misinkhu yosiyana, kalumo, mapulasitala, pensulo, kachidutswa ka choko choyera, mpango woyera, tepi yomata mbali zonse ziwiri, ndi ambulera. Ovala masitokingi atenge ena apadera. Ulusi ndanena kuti mulowetseretu chifukwa manja akamanjenjemera diso la singano silioneka.

Zikachitika m'mawa womwewo

Dongosolo la kuvala limateteza ngozi zambiri. Idyani, tsukani mano, metani ndevu, dzolani zodzola zonse ndi kuzisiya ziume, kenako ndiye muvale shati. Dontho la mankhwala otsukira mano pa jekete yakuda limauma n'kuyera ngati laimu, ndipo mukalipukuta ndi madzi limaoneka ngati lachoka koma limabweranso likauma. Ngati bulauzi ndi yolowetsa kumutu, phimbani nkhope ndi mpango kuti zodzola zisatsale pakolala.

Banga likagwa, lamulo loyamba ndi losatikita. Kutikita kumalowetsa banga m'kati mwa ulusi n'kulikulitsa. Ikani kansalu kouma kuseri kwake, ndipo ndi kansalu kena konyowa muzidinda pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete kulowa pakati. Magazi, kaya a pometa kaya a msambo, amafuna madzi ozizira okhaokha, chifukwa otentha amawaphika n'kuwamatirira pansalu. Pa shati yoyera ya thonje, mankhwala otsukira mabala otchedwa hydrogen peroxide pang'ono amathandiza, koma pansalu yamtundu amatha kuchotsa utoto. Khofi kapena tiyi, madzi ozizira msangamsanga. Mafuta ndi osiyana: madzi okha amangowamwaza. Thiranipo pauda kapena perani choko pamwamba pake, dikirani mphindi zingapo kuti ayamwe, kenako sasani. Inki ya bolopeni imasungunuka ndi spiriti kapena sanitayiza, koma yesani kaye pobisika, ndipo kansalu kakuseri kaja musakaiwale, apo ayi inkiyo idutsira mbali inayo. Mizere yoyera ya mankhwala a m'khwapa pa chovala chakuda imachoka mukaipukuta ndi siponji youma kapena ndi mbali ina ya nsalu yomweyo. Tayi ya silika musainyowetse, madzi amasiyapo mkombero woipa kuposa banga. Ngati mulibe ina, ndi bwino kungoivula n'kumanga jekete.

Dzipatseni mphindi zisanu basi. Banga likakana, valani shati yachiwiri. Ngati mulibe, onani ngati jekete kapena tayi ikuphimba, ndipo muchoke pagalasi.

Mlongo wanga anandiimbira foni m'mawa wa intavyu yake, mawu akunjenjemera.

"Achimwene, zipi ya siketi yakanirira pakati. Sikukwera, sikutsika."

"Usaikoke mwamphamvu," ndinatero. "Vula kaye siketiyo ngati ikutheka, uione ndi maso."

Anaizunguliza kuti zipi ibwere kutsogolo, ndipo anapeza kuti kansalu kam'kati kanali katalowa m'kachitsulo kokokera. Ndinamuuza kuti agwire kansaluko ndi zala ziwiri pafupi penipeni ndi kachitsuloko, azikakokera kumbali pang'onopang'ono uku akubweza kachitsuloko komwe kanachokera, osati kupitiriza kukwezera m'mwamba. Panatenga mphindi ziwiri, ine ndikumva kupuma kwake pafoni. Kansaluko katatuluka anapaka nsonga ya pensulo pamano a zipi mbali zonse, chifukwa chakuda cha m'kati mwa pensulo chimatereretsa, ndipo inakwera bwinobwino. Pamwamba pake anamangapo phini cham'kati kuti mtima ukhale pansi. Akanaikoka mwaukali monga momwe mantha ankamuuzira, akanathyola mano a zipi kapena kung'amba nsalu.

Zipi imavutanso m'njira zina. Ikamatseguka yokha kumbuyo kwa kachitsulo mukamakweza, ndiye kuti kachitsuloko katakasuka. Kafinyeni pang'ono ndi pulayazi mbali zonse ziwiri, koma pang'ono zedi chifukwa kamathyoka. Zipi ya thalauza yomwe imangotsika yokha, lowetsani kamphete ka makiyi pachokokera chake n'kukakola pabatani la m'chiuno musanamange. Ikafa kotheratu, tsekani ndi mapini kuchokera m'kati, otalikirana pang'ono, ndipo jekete kapena bulauzi itsike iphimbe.

Batani likaduka, yang'anani m'kati mwa shati chakumunsi, ambiri amasokererako lapadera. Ngati palibe, dulani lam'munsi kwenikweni lomwe limalowa m'thalauza mulisamutsire pomwe paduka. Posoka, ikani kamtengo ka machesi pakati pa batani ndi nsalu, dutsani ndi ulusi wapawiri kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, chotsani kamtengoko, kulungani ulusi pansi pa batanilo katatu, mumange mfundo kuseri. Kamtengoko kamasiya mpata woti nsalu ya mbali inayo ilowe, kuti batani lisakoke shati. Ngati simunasokepo batani chibadwire, phunzirani sabata ino pa shati yakale. Mpendero wa thalauza kapena siketi ukamasuka, tepi ija imagwira tsiku lonse, kapena mapini cham'kati otola ulusi wochepa kuti asaonekere panja. Msoko wakumbuyo kwa thalauza ukaphulika, vulani, tembenuzani, sokani motsatira mzere wakale ndi timisoko tating'ono tobwerera m'mbuyo; mapini pamenepo musawadalire chifukwa mukhalira. Sitokingi ikayamba kuthetheka, kadontho ka polishi ya zikhadabo yopanda mtundu kumapeto kwa mzerewo kamaimitsa.

Thukuta ndi nkhani yomwe ambiri amachita nayo manyazi kufunsa. Mudzatuluka thukuta, aliyense amatero pa tsikuli. Shati yotuwa ndi yabuluu wowala ndi zomwe zimaonetsa kunyowa kwambiri; yoyera ndi yakuda zimabisako. Vesiti ya thonje yokhala ndi timikono imayamwa lisanafike panja. Mankhwala oletsa thukuta amagwira bwino mukadzola usiku pakhungu louma, chifukwa amakhala ndi nthawi yotseka timabowo ta thukuta thupi lili phee. Poyenda jekete inyamuleni pamkono, mudzavale mwafika. Fikani kutatsala mphindi 30 kuti mukhale pansi thupi lizizire, mupite kuchimbudzi, mupukute khosi ndi m'manja. Mpango ukhale m'thumba lakumanja kuti dzanja la moni likhale louma.

Perefyumu ine ndimati musiyiretu. Zipinda za intavyu zimakhala zazing'ono ndi zotseka, ndipo fungo lamphamvu limawadwalitsa mutu anthu ena kapena kuwayambitsa mphumu. Zibangili zolira ndi ndolo zazitali zimasokoneza, ndipo mphete yomwe mumakonda kuzunguliza mukakhala ndi mantha ndi bwino itsale kunyumba. Anthu omwe akukufunsani ambiri amagwira ntchito m'zipatala, komwe manja ndi nkhani yaikulu. Ku Britain, mwachitsanzo, boma linalengeza mu 2007 kuti ogwira odwala asamavale kanthu kuchokera m'chigongono kutsika, kaya wotchi kaya mikono yaitali, kuti azisamba m'manja bwino. Lamulolo si la pa intavyu, wotchi mukhoza kuvala, koma likuonetsa komwe maso a anthu amenewa anazolowera kupita. Wengani zikhadabo, zikhale zoyera. Amene mumavala mpango wakumutu kapena chovala china cha chipembedzo chanu, valani mopanda mantha. Mungochiyeserera pamodzi ndi zinazo pa ola lija, muone ngati mapini ake akugwira mukawerama.

Kuyambira mu 2020 sukulu zambiri zinayamba kuchititsa intavyu pa intaneti, ndipo zina zikupitirizabe. Kumeneko valani thupi lonse, mpaka thalauza kapena siketi, chifukwa mungafunike kuimirira kukatseka chitseko kapena kukakonza waya. Yatsani kamera ya kompyuta yomweyo, pa ola lomwelo la tsiku, muone mmene chovalacho chikuonekera. Mizere yaing'ono yothithikana imavina pa kamera n'kumathobwa m'maso. Shati yoyera mbee yopanda jekete imawala kwambiri mpaka kamera kudetsa nkhope yanu. Mtundu wofanana ndi khoma la kumbuyo kwanu umakumezani. Jekete ikamakwera m'khosi mukakhala, ikokereni pansi kumbuyo mukhalire nsonga yake.

Pali nthawi yomwe vuto silikonzeka. Mvula yakupezani panjira, thalauza lanyowa mpaka m'maondo, kapena banga lili poonekera ndipo nthawi yatha. Apa sankhani nthawi, osati chovala. Musabwerere kukasintha ngati kutero kukuchedwetsani, chifukwa kuchedwa amakulemba, banga salemba. Mukafika uzani amene akulandira anthu, "Pepani, ndakumana ndi vuto la chovala panjira, kodi ndingapeze pokonzera mphindi ziwiri?" Anthu amenewa amalandira ofunsira malo chaka ndi chaka ndipo amakuonetsani koyenera. M'chipinda chofunsira, ngati vutolo ndi laling'ono, musalitchule n'komwe. Mukalitchula ndi pomwe mwawaonetsa. Ngati ndi loonekeratu, mawu amodzi akwana: "Mundikhululukire, mvula inandipeza panjira." Mukatero khalani pansi mudikire funso. Osabwerezanso kupepesa pakati kapena potsanzika.

Musanalowe, pitani pagalasi kamodzi komaliza. Onani zipi, onani kolala kumbuyo ngati yagona, onani ngati tayi yafika palamba, pukutani fumbi kunsonga za nsapato ndi pepala, thimitsani foni, chotsani makiyi ndi zina zotukumula matumba muike m'chikwama. Akakuitanani mangani batani la jekete poimirira, mumasule pokhala. Manja onse awiri muwaike patebulo kapena pamiyendo momasuka, ndipo muyang'ane amene akuyankhula.